Kadzidzi Wodya Nsomba wa mu Bua ndi Zimene Zinaonekera Anzake a pa Zilumba

Pa mbalame zonse za m'dziko muno, palibe imene ili ndi abwenzi ochepa ngati kadzidzi. Nkhunda timaweta, nkhwazi tinaiika pamwamba pa chizindikiro cha boma, ndipo ngakhale khwangwala amene amatizulira mbewu m'munda timangomuingitsa basi. Koma kadzidzi akatera pa denga, wina amatola mwala, wina chikuni chamoto. M'nkhani ino ndikamba za mtundu umodzi wa kadzidzi umene umapezeka kwathu ku Nkhotakota, m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Ndiyerekeza moyo wake ndi wa akadzidzi a pa zilumba za m'nyanja zamchere, amene ena anatheratu ndipo ena anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mfundo yanga ndi yakuti kadzidzi wathuyu, ngakhale ali kumtunda, naye akukhala pa chilumba, ndipo chilumbacho chikunka chichepa.

Dzina limodzi, mbalame zambiri

Popeza ndife ophunzira chiyankhulo, tiyambe ndi mawu. M'Malawi muno muli mitundu 12 ya akadzidzi. Ena ndi aang'ono osaposa chikhatho cha munthu wamkulu, ena ndi aakulu ngati tambala. Ena amadya makoswe ndi mbewa, ena ziwala ndi agulugufe a usiku, ena abuluzi ndi tiana ta mbalame zinzawo. Komatu ambiri a ife, makamaka achinyamata, onsewa timangowatcha dzina limodzi lakuti kadzidzi. Akuluakulu ena amasiyanitsako, amatchula mantchichi ponena za kadzidzi wamkulu wolira ndi mawu aakulu. Kupitirira apo mawu amatithera.

Vuto la dzina limodzi ndi lakuti mlandu wa mmodzi umagwera onse. Kadzidzi woyera kumaso amene amagona m'madenga a matchalitchi ndi m'nyumba zosungiramo katundu ndiye amene amalira mokuwa usiku pamudzi, ndipo ndiye amene anthu amamuopa kwambiri. Koma mwala umene iyeyu waputa umakagweranso mnzake wa kumtsinje amene sanafikepo pakhomo pa munthu chibadwire. Nthano imene tinkamva tili ana, ya kadzidzi amene ankaopseza mbalame zinzake kuti ali ndi nyanga mpaka kambalame kena kolimba mtima kanatulukira kuti ndi nthenga chabe, imanena za akadzidzi okhala ndi timinyanga ta nthenga pamutu. Kadzidzi amene ndikukamba pano alibe n'komwe timinyangato. Mutu wake ndi wobulungira ngati chikho.

M'mabuku a sayansi mbalameyi imatchedwa Scotopelia peli, ndipo m'Chingerezi ndi Pel's fishing owl. Dzinali linaperekedwa mu 1850 pokumbukira Hendrik Pel, Mdatchi amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Ine m'nkhani ino ndizimutcha kadzidzi wa nsomba, pakuti ndi zimene amadya.

Maonekedwe ndi moyo wake

Kadzidzi wa nsomba ndi mmodzi mwa akadzidzi aakulu kwambiri mu Africa. Kutalika kwake kumafika masentimita 60 ndipo amalemera makilogalamu awiri kapena kuposerapo pang'ono, wamkazi ndiye wolemera kuposa wamwamuna. Nthenga zake ndi zofiirira ngati dothi la katondo, zokhala ndi timizere takuda, ndipo maso ake ndi aakulu, akuda bii. Masana amabisala m'kati mwa mtengo wa masamba ambiri monga msikidzi, mkuyu kapena katope, pamalo a mthunzi wandiweyani. Munthu atha kudutsa pansi pake kakhumi osamuona.

Thupi lake limaphunzitsa bwino m'mene chakudya chimaumbira cholengedwa. Akadzidzi ambiri amauluka mwakachetechete chifukwa m'mphepete mwa nthenga za mapiko awo ndi mofewa, ndipo nkhope zawo ndi zolowa ngati mbale kuti zizisonkhanitsa phokoso la khoswe amene akuyenda mu udzu. Kadzidzi wa nsomba alibe nazo ntchito kwenikweni zimenezi. Nsomba ili m'madzi siimva kukupiza kwa mapiko, choncho iye amauluka ndi phokoso, ndipo mbale ya nkhope yake ndi yosaonekera bwino. Miyendo yake ilibe nthenga, kuti isamalemedwe ndi madzi. Kunsi kwa zala zake kuli timinga tokhakhala togwirira nsomba yoterera, ndipo zikhadabo zake ndi zazitali, zokhota. Amakhala pa nthambi yolendewera pamwamba pa dziwe, kuyang'ana timafunde timene nsomba imachita ikayandikira pamwamba, kenaka amatsika n'kuitsomphola ndi mapazi, thupi osalowa m'madzi. Nsomba zambiri zimene amagwira ndi za magalamu 100 mpaka 200, koma atha kunyamula ngakhale yofika makilogalamu awiri. Amadyanso achule, nkhanu, ndipo nthawi zina tiana ta ng'ona.

Mawu ake ndi amene anthu a kumtsinje amamudziwira. Wamwamuna amalira ndi mawu akuya, ogunda pachifuwa, amene usiku wabata amamveka mtunda wa makilomita atatu. Mwana wake akamapempha chakudya amalira mawu aatali, otsika pang'onopang'ono, ngati munthu amene wagwera m'chitsime. Amalume anga, amene akhala akutchera mono kufupi ndi mathiriro a Bua kwa zaka zambiri, anandiuza tsiku lina tikusoka ukonde kuti ali mnyamata ankamva kulira kumeneku pafupifupi chaka chilichonse madzi akaphwa. Nditawafunsa kuti, “Nanga masiku ano, amalume, mumakumvabe?” iwo anapukusa mutu nati, “Iwe mphwanga, chingalire chili pati? Mitengo yake ija si ndi mabwato amene tikukwerawa?”

Yankho la amalumeli lili ndi sayansi yonse ya nkhaniyi. Kadzidzi wa nsomba samanga chisa. Amaikira m'mphako ya mtengo waukulu, kapena pa mphanda yakuya pamene nthambi zikuluzikulu zagawikana. Mphako yokwana mbalame ya msinkhu umenewu siipezeka mu mtengo wa zaka khumi. Pamafunika mtengo wakalekale umene nthambi yake inathyoka n'kuwola m'kati. Wamkazi amaikira dzira limodzi kapena awiri, ndipo amafungatira kwa masiku opitirira pang'ono 30. Ngakhale aswe onse awiri, kawirikawiri amakula ndi mmodzi. Mwanayo amatuluka m'mphako patapita milungu pafupifupi khumi, koma amakhalabe m'dera la makolo ake kwa miyezi ina 6 mpaka 9. Tikawerengera bwino, banja limodzi likachita mwayi limalera mwana mmodzi pa chaka. Nkhuku ya kumudzi imaswa anapiye khumi katatu pa chaka, n'chifukwa chake chitopa chikapita khola limadzazanso. Mbalame yobereka mwapang'onopang'ono ngati iyi ikachepa, kubwerera kwake kumatenga mibadwo.

Zimene zinachitika pa zilumba

Mu 1967 akatswiri awiri a ku America, Robert MacArthur ndi Edward Wilson, anasindikiza buku lotchedwa The Theory of Island Biogeography. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kumva. Chilumba chaching'ono chimasunga mitundu yochepa ya zamoyo kusiyana ndi chachikulu, ndipo chilumba chakutali chimalandira alendo ochepa kusiyana ndi chapafupi. Zamoyo zikakhala zochepa pamalo ochepa, tsoka limodzi, kaya ndi mphepo yamkuntho, matenda kapena chilala, litha kuzimaliza zonse, ndipo palibe zinzake zochokera kwina zodzalowa m'malo. Akatswiri amayerekeza kuti malo akachepa n'kutsala gawo limodzi mwa magawo khumi, pafupifupi theka la mitundu ya zamoyo za pamalopo limatha m'kupita kwa nthawi. Mawu akuti “m'kupita kwa nthawi” ndi ofunika. Mbalame sizitha tsiku limene nkhwangwa yalowa m'nkhalango. Zotsalazo zimakhalapo zaka zingapo, zikukalamba popanda ana, ndipo anthu amaganiza kuti zonse zili bwino.

Pa chilumba cha Mauritius panali kadzidzi wakewake amene sankapezeka kwina kulikonse. Nkhalango itagwetsedwa kuti pakhale minda ya nzimbe, iye anazimirira m'zaka za m'ma 1800, ndipo lero timangomudziwira pa mafupa, chithunzi chojambula pamanja ndi zimene analemba amene anamuona.

Pa chilumba cha Anjouan, chimodzi mwa zilumba za Comoros zimene zili pakati pa Mozambique ndi Madagascar, nkhani inayenda mosiyanako. Kadzidzi wamng'ono wa kumeneko, Otus capnodes, anagwidwa ndi osonkhanitsa mbalame m'zaka za m'ma 1880, kenaka kwa zaka zoposa 100 palibe katswiri amene anamuonanso. Anadzapezekanso mu 1992, atabisala m'tizigawo ta nkhalango totsala m'mapiri otsetsereka kumene khasu limavutika kufika. Anthu a pachilumbapo sanamutaye konse. Ankamumva usiku ndipo anali ndi dzina lake, badanga. Anjouan ndi chilumba cha masikweya kilomita 424 chokhala ndi anthu ambiri, ndipo kutha kwa nkhalango kwaumitsa mitsinje yambiri imene kale inkayenda chaka chonse. Bungwe la kumeneko lotchedwa Dahari linaona kuti kuuza mlimi wosauka kuti asiye nkhalango chifukwa cha kadzidzi ndi kutaya nthawi. Linayamba ndi kuthandiza alimi kukolola zambiri pa minda imene ali nayo kale ndi kubzala mitengo pa magwero a madzi, uku likuwerenga akadzidzi. Kafukufuku anaonetsa kuti mbalamezi zilipo zambiri kuposa m'mene ankaganizira, koma mtunduwu ukadali pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pa chiopsezo chakutha.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha Norfolk, kachilumba ka masikweya kilomita 35 pakati pa Australia ndi New Zealand, ndiye kuti kuwirikiza kawiri chilumba cha Likoma. Mitengo ikuluikulu itadulidwa, mphako zinachepa, ndipo zotsalazo zinalandidwa ndi mbalame zina zobwera ndi anthu komanso njuchi. Pofika mu 1986 panatsala kadzidzi mmodzi yekha, wamkazi, amene anamupatsa dzina lakuti Miamiti. Mu 1987 anabweretsa amuna awiri a mtundu wachibale kuchokera ku New Zealand ndipo anakhoma mabokosi m'mitengo kuti akhale ngati mphako. Mmodzi mwa amunawo anakwatirana ndi Miamiti ndipo anaswa ana mu 1989 ndi 1990. Akadzidzi onse amene ali pa Norfolk lero, amene ndi makumi ochepa chabe, ndi zidzukulu za banja limodzi limeneli. Ena amati ichi ndi chipambano. Ine ndimaona kuti ndi chipambano chowawa, pakuti chimene chinapulumuka ndi theka la magazi a mtunduwo, ndipo ndalama ndi ukatswiri zimene zinalowapo ife kuno sitingazipeze. Kusiya mitengo ya mphako ili chiimire kukanakhala kotchipa kwambiri.

Palinso kadzidzi wa pa chilumba cha Príncipe, kumadzulo kwa Africa, amene akatswiri anamulemba m'mabuku mu 2022. Malo onse amene amapezeka ndi masikweya kilomita pafupifupi 15, osafika kukula kwa Likoma. Anamutcha Otus bikegila polemekeza Ceciliano do Bom Jesus, wodziwika ndi dzina lakuti Bikegila, amene kale ankakwera m'mitengo kugwira zinkhwe zogulitsa ndipo pambuyo pake anakhala mlonda wa nkhalango. Iye ndi amene anatsogolera ofufuza kumene mbalameyo inali. Apanso, monga ku Anjouan, anthu a m'deralo anali atanena kale kuti m'nkhalango muli chinthu cholira usiku, sayansi ndiyo inachedwa.

Ndisanachoke ku zilumba, ndipatuke pang'ono. Pa chilumba cha Pemba, kumpoto kwa Zanzibar, pali kadzidzi wamng'ono amene anthu amamuopa ngati mbalame ya afiti monga timachitira ife, ndipo malo ake enieni otsala ndi nkhalango zochepa monga ya Ngezi. Nkhalango zambiri za Pemba zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1800 kuti pabzalidwe mitengo ya zokometsera zakudya zotchedwa karafuu m'Chiswahili, ndipo ogwira ntchito m'mindamo anali akapolo. Nthawi yomweyo, kuyambira m'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah anali atakhazikika pa Nkhotakota, akuwolotsa anthu pa nyanja m'zombo kuti akayende ulendo wa pansi mpaka ku Kilwa, kumene ambiri ankatumizidwa ku Zanzibar ndi Pemba. Choncho mbiri ya gombe lathu ndi mbiri ya nkhalango ya kadzidzi wa ku Pemba zinakumanapo, mwa njira yomvetsa chisoni.

Bua ngati chilumba

Kadzidzi wa nsomba amapezeka m'mayiko ambiri a mu Africa, kuyambira ku Senegal mpaka ku South Africa, ndipo pa mndandanda wa dziko lonse wa bungwe la IUCN sali m'gulu la zotsala pang'ono kutha, ngakhale chiwerengero chake chikutsika. Wina atha kufunsa kuti nanga nkhawa ndi ya chiyani. Yankho lili pa mapu. Mbalameyi siikhala m'tchire lililonse. Imafuna zinthu zitatu pamalo amodzi: madzi oyera oyenda pang'onopang'ono, nsomba zokwanira, ndi mitengo ikuluikulu yoyandama nthambi pamwamba pa madziwo. Malo otere ndi kamzere kopyapyala, mwina mamita makumi angapo m'lifupi, kotsata mtsinje. Mbali imodzi kuli madzi, mbali ina kuli minda ya chinangwa, mpunga kapena nzimbe. Kwa kadzidzi wa nsomba, munda wa chinangwa ndi chimodzimodzi nyanja yamchere: muja mulibe chakudya, mulibe pogona. Kuno ku Malawi malo odziwika kwambiri ndi m'mbali mwa Shire ku Liwonde, kumene alendo ochokera kunja amalipira ndalama kuti akangomuona, kenaka mitsinje ingapo yothira m'nyanja monga Bua. Ku South Africa, kumene mitsinje yotere yatsala yochepa, anamuika kale m'gulu la mbalame zimene zili pa chiopsezo m'dzikolo.

Gawo la Bua limene lili bwino ndi lodutsa m'nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Nkhotakota. Nkhalangoyi ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, kuposa Anjouan kanayi. Inali itasakazika kwambiri moti njovu, zimene kale zinkaposa 1,500, zinatsala zosakwana 100 pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi boma mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsira kumeneko njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, anamanga mpanda wa magetsi, ndipo anachotsa misampha ya mawaya yambirimbiri. Ntchito imeneyi sinachitike chifukwa cha kadzidzi, koma iye wapindula nayo, pakuti mitengo ya m'mbali mwa mtsinje m'kati mwa mpanda tsopano ili ndi alonda.

Komabe mpanda umatchinga anthu ndi njovu, sutchinga madzi. Bua amachokera kutali ku Mchinji, n'kudutsa m'madera a ulimi wa fodya ndi chimanga a chigawo chapakati asanatsike m'mapiri kulowa m'nkhalangoyi. Anthu akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kumtundako, dothi limakokoloka, madzi amakhala a matope kwa miyezi yambiri, ndipo maiwe akuya amakwiririka ndi mchenga. Mbalame yosaka ndi maso siingaone nsomba m'madzi onga thobwa. Matope omwewo amakwirira timiyala timene mpasa umaikirapo mazira. Mpasa ndi nsomba ya m'nyanja yathu ino imene imakwera mitsinje kukaswana, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene yatsala yoti nsombayi ikuswaniranamobe. Kumunsi nako, pakati pa mpanda ndi nyanja, kuli mavuto ake: kutchinga mtsinje wonse ndi maukonde nthawi imene nsomba zikukwera, kuthira katupe m'maiwe, ndi kukokota tiana ta nsomba ndi maneti amene anaperekedwa kuti atiteteze ku udzudzu. Amene anaonapo ntchila zili mbwee m'misika ya kale, n'kuona m'mene zasowera lero, akudziwa kumene njira imeneyi imathera.

Kenaka pali mitengo. Sindikufuna kulankhula ngati munthu amene sanakulire m'mbali mwa nyanja. Bwato losema limafuna thunthu lalikulu, lowongoka, ndipo mitengo yotere imamera kumtsinje. Nsomba yowamba imafuna nkhuni. Njerwa zimafuna nkhuni. Mwana akadwala kapena fizi ikafunika, thumba la makala ndilo ndalama yapafupi. Malamulo alipo: lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017. Koma lamulo silisema bwato la matabwa, siligulanso chitofu chosatha nkhuni. Chimene ndikuona ine ndi chakuti pa mitengo yonse imene tikudula, ilipo yochepa kwambiri, mwina umodzi pa mitengo mazana angapo, imene ili ndi mphako yaikulu. Mtengo wamphako supanga bwato labwino ndipo matabwa ake ndi owola m'kati. Phindu lake kwa wodula ndi nkhuni basi. Kuusiya umenewo sikungasaukitse mudzi.

Za imfa ndi manda

Tsopano tifike pa chimene chimavuta kwambiri. Mu 1997 Heimo Mikkola, katswiri wa akadzidzi wa ku Finland amene ankagwira ntchito m'dziko muno, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa maganizo a Amalawi pa mbalamezi. Anthu oposa 90 mwa 100 alionse amene anafunsidwa anagwirizanitsa kadzidzi ndi tsoka, ufiti ndi imfa. Ofunsidwawo sanali anthu a kumudzi okha. Ndikhulupirira kuti titafunsa m'kalasi mwathu lero, manja ambiri angakwere, ndipo ena amene sangakweze angakhale akungochita manyazi.

Sindiona phindu lonyoza chikhulupiriro chimenechi. Makolo athu anali anthu openyetsetsa, ndipo zimene anaona ndi zoona: kadzidzi amapezekadi kumanda, ndipo amamvekadi pamene pali matenda. Funso ndi lakuti chifukwa chiyani. Yendani pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kupita ku Dwangwa, muziyang'ana kumene kwatsala mitengo yachilengedwe italiitali yowirira pamodzi. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi kumanda. Mwambo umaletsa kudula mitengo kumeneko mwachisawawa, choncho manda asanduka tizilumba ta nkhalango pakati pa minda. Mbalame yofuna mthunzi masana ndi mphako yoikiramo ipita kuti? Ndife amene tinamusiyira manda okha, kenaka tikumunena kuti amakonda akufa. Za kulira pa nthawi ya matenda nazo zili ndi tanthauzo lake. Kadzidzi amalira usiku uliwonse m'nyengo yake, koma mudzi umakhala uli m'tulo. Usiku umene anthu akuchezera wodwala ndi umene makutu amakhala tcheru. Wodwalayo akachira, kulira kuja kumaiwalika. Akamwalira, kumakumbukiridwa mpaka kalekale.

Koma taonani mbali ina ya nkhani yomweyi. Mwambo umene wasunga mitengo ya kumanda kwa zaka mazana, popanda mlonda wa mfuti kapena mpanda wa magetsi, ndi umboni wakuti anthu athu amadziwa kupatula malo. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima loyandikana nafe, ufumu wa a Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Ngati mfumu itha kutseka chilumba chonse kwa miyezi, itha kunenanso kuti mikuyu iwiri ya pa dooko lakutilakuti isakhudzidwe, ndi kuti khasu lilekeze mikono ingapo lisanafike pa madzi. Makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi pa magombe, amene lamulo la zausodzi la 1997 linawapatsa mphamvu, alipo kale. Chosowa ndi chifukwa chimene msodzi angachimve. Chifukwacho sichingakhale kukongola kwa kadzidzi. Chifukwa chake ndi mpasa: mthunzi ndi mizu ya mitengo ya kumtsinje ndi imene imasunga madzi oyera amene nsomba imaswaniramo. Pamene kadzidzi wa nsomba akulirabe, msodzi adziwe kuti dziwe limenelo lili ndi moyo.

Ena amanena kuti njira yabwino ndi kukopa alendo, monga ku Liwonde. Ndikuvomereza pang'ono. Mnyamata wa m'mudzi amene akudziwa mtengo umene mbalameyi imagona atha kupeza ndalama poperekeza alendo, ndipo akatero amasanduka mlonda wake, monga anachitira Bikegila. Koma alendo ndi ochepa, amabwera nyengo ndi nyengo, ndipo mbalame yobisala ikamadzidzimutsidwa masana kawirikawiri imasiya mazira. Pamudzi pamene alendo safika, mfundo ya nsomba ndi ya makoswe ndiyo ingagwire ntchito. Banja limodzi la kadzidzi woyera kumaso uja limadya makoswe mazanamazana pa chaka, makoswe omwe amatiboolera matumba a mpunga.

Gawo lathu ife a chiyankhulo

Mabuku ofotokoza mbalame za m'dziko muno, monga The Birds of Malawi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006, ali m'Chingerezi. Makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limawathandiza, amafuna zowerenga zimene mwana wa Sitandade 5 angapite nazo kwa agogo ake n'kukambirana. Apa ndi pamene pali ntchito yathu. Ku Anjouan ndi ku Príncipe, dzina la m'chiyankhulo cha anthu ndi nkhani za okalamba ndi zimene zinasunga chidziwitso pamene mabuku anali chete. Kwathu kuno okalamba amene anasodza mu Bua, mu Dwangwa, mu Kaombe ndi pa Chia mitengo isanathe akupita mmodzimmodzi, ndipo akupita ndi mawu awo.

Pa tchuthi chikubwerachi ndakonza zoyenda m'midzi ya kumunsi kwa Bua ndi foni yokhala ndi mawu ojambulidwa a mitundu 12 ija. Ndidzayamba ndapempha chilolezo kwa mfumu, ndipo ndidzawaliza masana, pabwalo, pakuti kuliza kadzidzi usiku pamudzi wa eni ndi kudziputira mlandu. Pa mawu alionse ndidzafunsa asodzi ndi amayi otunga madzi mafunso atatu: ichi mumachitcha chiyani m'Chichewa, m'Chitonga kapena m'Chiyao, munachimva liti komaliza, ndipo chinali pa mtengo uti. Mayankho a funso loyamba ndi a mtanthauziramawu. A mafunso awiri enawo ndidzawalemba pa mapu n'kukawapereka kwa mafumu ndi kwa alonda a nkhalango. Anzanga ochokera ku Nkhata Bay, Karonga, Mangochi ndi Chikwawa amene angafune kuchita zomwezi pa mitsinje ya kwawo, tikumane tisanatsekere kuti mafunso athu akhale ofanana.